Kalulu Woganiza ndi Anzake: Mafunso ndi Mayankho pa Nyama Zosewera mu Luso la Masiku Ano

Amene amayendera zionetsero za luso, kapena kungoona zithunzi zake pa foni, amakumana kawirikawiri ndi nyama zochita zachilendo: kalulu wagwira chibwano ngati munthu wa nkhawa, mphaka ali m'manja mwa Mona Lisa, hatchi yalowetsa mutu m'khoma. Ena amaseka n'kupitirira. Ena amaima n'kufunsa, ndipo mafunso awo ndi amene ali m'munsimu. Oyambirira ndi a munthu amene wangoziona kumene. Akumapeto akukhudza kapangidwe, malamulo ndi ndalama.

Kodi zifanizo za nyama zolemekeza aluso ena n'chiyani kwenikweni?

Ndi chojambula kapena chiboliboli cha nyama chimene mwiniwake wachipanga dala kuti chikukumbutseni ntchito ya waluso wina, nthawi zambiri amene anatsogola kale. Nyamayo imabwereka kakhalidwe, mitundu, zovala kapena dzina la ntchito yakaleyo, koma imachita zimenezi mosewera.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha Barry Flanagan, wosema wobadwira ku Wales mu 1941 amene anamwalira mu 2009. Mu 1997 anapanga chiboliboli cha mkuwa chotchedwa *Thinker on a Rock*, chotalika mamita oposa 3. Chimodzi mwa izo chili m'munda wa ziboliboli wa National Gallery of Art ku Washington. Ndi kalulu wowonda, wamiyendo italiitali, wakhala pamwala, chigongono chili pabondo, dzanja lagwira chibwano. Aliyense amene anaonapo chiboliboli chotchuka cha munthu woganiza cha Auguste Rodin, wosema wa ku France, amazindikira pompo. Koma taonani kusiyana kwake. Munthu wa Rodin ndi chidzanda, minofu yonse yakungika, zala za kumapazi zakanirira pamwala ngati kuganiza ndi katundu wosenza. Kalulu wa Flanagan alibe mnofu ndi pang'ono pomwe, thupi lake lili ngati chingwe chopota, ndipo makutu ake aatali akadali tcheru. Akuganiza inde, koma kukachita khwasa adumpha.

Bwanji nyama? Bwanji osangojambula nkhope ya waluso amene ukumulemekezayo?

Nkhope ya waluso si luso lake. Mutajambula ndevu za Rodin mwaonetsa Rodin munthu, osati zimene manja ake anatiphunzitsa kuona. Amene akufuna kulemekeza ntchitoyo ayenera kuigwira ntchitoyo, ndipo apa pali msampha: akaibwereza ndendende amakhala wokopera chabe, akaisintha pogwiritsa ntchito munthu wina, anthu amayamba kufunsa kuti munthuyo ndani, wa fuko lanji, akuimira chiyani. Nyama imachotsa mafunso onsewo. Kalulu alibe udindo, alibe chipani, alibe mbiri. Chotsala ndi kakhalidwe ka thupi kokha, ndipo maso anu amapita pomwepo.

Pali chifukwa chinanso chimene ine ndimachiona chachikulu. Ntchito ikatchuka kwambiri timasiya kuiona. Timangoizindikira, monga momwe timadutsira chikwangwani chimene tachiwerenga kambirimbiri. Kuseka kumatsegulanso maso. Munthu akaseka kalulu uja, n'kubwerera kwa Rodin, amaona msana wopindika ndi zala zokanirira zija ngati koyamba. Ulemu weniweni uli pamenepo: kumubwezera wakaleyo anthu omuyang'ana.

Kodi zimenezi zayamba posachedwa?

Ayi. Ku Ulaya, zaka za m'ma 1600 ndi 1700, kunali mtundu wonse wa zojambula za anyani ovala zovala akugwira ntchito za anthu. David Teniers wamng'ono anajambula zambiri. Jean-Siméon Chardin, cha m'ma 1740, anajambula nyani atakhala ndi burashi kutsogolo kwa chinsalu chojambulapo. Mu 1889 Gabriel von Max anajambula gulu la anyani ataunjikana pabokosi, akuyang'anitsitsa chithunzi ngati akatswiri oweruza luso. Zambiri mwa izi zinali zoseka aluso okonda kutsanzira, osati zolemekeza munthu mmodzi.

Ku Japan, boma litaletsa mu 1842 kusindikiza zithunzi za ochita zisudzo, Utagawa Kuniyoshi ankajambula amphaka ndi nsomba zokhala ndi nkhope zimene okonda zisudzo ankazizindikira. Iyeyu anajambulanso amphaka oimira malo 53 opumira pamsewu wa Tokaido, mutu umene wojambula mnzake Hiroshige anatchuka nawo.

Koma amene anatsegula njira imene aluso a lero akuyendamo ndi Pablo Picasso. Mu 1957 anajambula zithunzi 58 m'miyezi yochepa, zambiri mwa izo zochokera pa *Las Meninas*, chithunzi chimene Diego Velázquez anajambula mu 1656. Pachithunzi cha Velázquez pali chigalu chachikulu chagona pakona, maso ali tsinzi. Picasso anachichotsa n'kuikapo Lump, kagalu kakafupi kathupi lalitali kamene kanabwera kunyumba kwake ku Cannes chaka chomwecho ndi wojambula zithunzi David Douglas Duncan, n'kukhazikika. Zithunzizo anazipereka ku Museu Picasso ku Barcelona mu 1968. Munthu amene ankalemekeza Velázquez kuyambira ubwana wake analowetsa galu wa pakhomo pake m'nyumba yachifumu ya ku Spain. Sindidziwa njira ina yoposa iyi yonenera kuti "chithunzi chanu ndimakhalamo".

N'chifukwa chiyani kalulu amapezeka paliponse pankhaniyi?

Mizu yake ndi pepala limodzi laling'ono. Mu 1502 Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anajambula kalulu wakutchire ndi penti yosungunula ndi madzi. Pepalalo limasungidwa ku nyumba ya luso ya Albertina ku Vienna, ndipo satulutsa kawirikawiri chifukwa kuwala kumaliwononga. Ubweya uliwonse unajambulidwa paokha, wina wopita uku wina uko monga umamerera, ndipo m'diso la kaluluyo mukuoneka kuwala kwa zenera. Kalulu ameneyu wasindikizidwa pamakalendala, pamakhadi ndi pazinthu zosawerengeka, mpaka anasanduka chinthu chimene anthu amachidziwa osachiyang'ana.

Aluso awiri a ku Germany anamuyankha mumzinda wa Dürer womwewo, aliyense m'njira yake. Mu 1984 Jürgen Goertz anaika chiboliboli cha mkuwa pabwalo loyang'anizana ndi nyumba ya Dürer, ndipo dzina lake lomwe likunena kuti ndi ulemu kwa Dürer. Koma kalulu wake ndi wotupa, diso lili psuu, waphwanya bokosi limene anamutsekeramo, tiakalulu tikutuluka m'mbali, ndipo pansi pake pali munthu amene wamupsinja. Alendo ambiri amadzidzimuka. Ana okha ndi amene amamukwera osaopa, mpaka mkuwa unawala m'malo amene amagwiragwira.

Mu 2003 Ottmar Hörl anadzaza bwalo lalikulu la msika ndi akalulu apulasitiki 7,000 obiriwira, onse atakhala monga wa Dürer, m'mizere yowongoka. Anaitcha ntchitoyo *Das große Hasenstück*. Dürer anajambulanso mu 1503 kachigawo ka udzu kotchedwa *Das große Rasenstück*. Hörl anangosintha chilembo chimodzi, udzu n'kusanduka akalulu, ndipo poyang'ana patali akaluluwo ankaonekadi ngati kapinga. Goertz akuonetsa zimene kutchuka kunachita kwa kalulu uja. Hörl akuvomereza kuchulukako n'kukusandutsa chisangalalo. Onse awiri akukutumizani kwa Dürer.

Pali akalulu enanso. Mu November 1965 ku Düsseldorf, Joseph Beuys anadzipaka uchi ndi golide wopyapyala kumutu, ananyamula kalulu wakufa m'manja, n'kumayenda naye pang'onopang'ono kumufotokozera zithunzi zapakhoma monong'ona, anthu akuonera panja kudzera pazenera. Marina Abramović anabwereza mwambowo ku nyumba ya luso ya Guggenheim ku New York mu 2005 polemekeza Beuys. Ndiye pali *Rabbit* wa Jeff Koons wa 1986, wachitsulo chosachita dzimbiri chonyezimira ngati galasi, wopanda nkhope, atagwira karoti. Ambiri amamuyerekeza ndi ziboliboli zosalala za Constantin Brancusi. Waluso amene wasankha kalulu lero amadziwa kuti akulowa m'nyumba yodzaza kale.

Nanga chithunzi chotchuka cha chipembere chooneka ngati chavala zitsulo?

Nachonso ndi cha Dürer. Mu May 1515 chipembere cha ku India chinafika ku Lisbon ngati mphatso kwa Mfumu Manuel I wa ku Portugal. Dürer sanachione. Anangolandira kalata ndi kachithunzi kongolembalemba, n'kugoba chithunzi chake pathabwa kuti chidindidwe. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa: chipembere chake chili ndi zikopa ngati malata a msilikali, miyendo ya mamba, ndi kanyanga kopotoka pamsana kamene chipembere chenicheni chilibe. Komabe kwa zaka zoposa 200 anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti chipembere chimaoneka choncho. Nyama yeniyeniyo inamira kumayambiriro kwa 1516, sitima imene inkapita nayo kwa Papa Leo X itasweka pafupi ndi gombe la Italy.

Salvador Dalí anaumba chipembere chochokera pa cha Dürer mu 1956, zikopa zake n'kuzisandutsa ngati lesi. Chachikulu chake chili ku Puerto Banús ku Spain. Walton Ford wa ku America anajambula mu 2008 chimene Dürer sanajambule: chipemberecho chili pasitima ikumira, chomangidwa unyolo. Apa kusewera kwatha. Ulemu wapita kwa wojambula, chisoni chapita kwa nyama.

Kulemekeza ndi kunyogodola zimasiyana pati?

Malire ake si owongoka, ndipo aluso ambiri amaima dala pakati. Koma mbali ziwirizi zilipo.

Mu 1920 Francis Picabia anakhomerera kanyani koseweretsa ana pathabwa, n'kulemba mozungulira kuti ndi chithunzi cha Cézanne, cha Renoir ndi cha Rembrandt. Chimenecho chinali chipongwe, ndipo mwiniwake ankafuna kuti chimveke choncho: akuluakulu onsewo ndi anyani otsanzira chilengedwe. Palibe chimene kanyaniko kakukuphunzitsani za Rembrandt. Ku Prague, David Černý anapachika mu 1999 hatchi yakufa chadodolido, Wenceslas Woyera atakhala pamimba pake, pafupi ndi chiboliboli chenicheni cha woyerayo chimene Josef Václav Myslbek anapanga. Apa chimene chikusekedwa si luso la Myslbek kwenikweni koma kudzitama kwa dziko.

Pakatikati pali Hans Haacke. Mu 2015 anaika mafupa a hatchi amkuwa pa Trafalgar Square ku London, patsanja imene inamangidwira chiboliboli cha mfumu yokwera hatchi koma inakhala yopanda kanthu. Mafupawo anawatenga pazojambula za George Stubbs za mu 1766, ndipo kumwendo wakutsogolo anamangako riboni yoonetsa mitengo ya masheya ikusintha. Stubbs akulemekezedwa, amene akubayidwa ndi eni ndalama.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: kodi wopangayo anaiyang'anitsitsa ntchito yakaleyo? Wonyoza amangotenga dzina kapena maonekedwe akunja. Wolemekeza amadziwa pamene chigongono chakhala, mbali imene kuwala kwachokera, chimene chinamuvuta mnzakeyo. Zimenezi sizibisika.

Ndingadziwe bwanji amene akulemekezedwa ngati sanalembe?

Yambani ndi dzina la ntchitoyo, chifukwa aluso amakonda kubisamo chizindikiro. Flanagan ali ndi akalulu ambiri otchedwa Nijinski, ataima ndi mwendo umodzi, wina wapindika m'mwamba. Dzinalo ndi la katswiri wovina wa ku Russia, ndipo Rodin anaumba kachiboliboli kake akuvina mu 1912. Choncho kalulu mmodzi walonjera anthu awiri. Oleg Kulik atakhala milungu iwiri m'khola ku New York mu 1997, ali maliseche, akukwawa ndi kuuwa ngati galu, anaitcha ntchitoyo *I Bite America and America Bites Me*, kupotoza dzina la ntchito ya Beuys ya 1974, *I Like America and America Likes Me*, pamene Beuys anakhala masiku atatu m'chipinda ndi coyote, nyama yakutchire yofanana ndi nkhandwe.

Kenako onani kakhalidwe ka thupi: ngati nyama yakhala m'njira imene nyama sizikhalira, yabwereka kwa wina. Onaninso mitundu ndi kayendedwe ka burashi. Thambo lozungulirazungulira labuluu ndi lachikasu ndi Van Gogh; mizere yakuda ndi timabokosi tofiira, tachikasu ndi tabuluu ndi Mondrian; madontho paliponse ndi Yayoi Kusama. Pomaliza, malo: kalulu pakhomo pa Dürer sanafikepo mwangozi.

Ngati ntchito yoyambirirayo sindikuidziwa, ndiye kuti sindipindula kanthu?

Ngati ntchitoyo ndi yabwino, mupindula ndithu. Mwana amene sanamvepo za Rodin amasangalala ndi kalulu woganiza, ndipo sakulakwitsa. Tsiku lina adzakumana ndi Rodin n'kunena kuti "uyu akukhala ngati kalulu uja". Imene imakomoka mukachotsa dzina la wotchukayo ndi ntchito yofooka, chifukwa inali itatsamira pa iye.

Agalu ovala zovala ndi amphaka a m'zithunzi zotchuka adzaza pa intaneti. Kodi nalonso ndi luso?

Zina inde, zambiri ayi, ndipo si nyamayo imene imasiyanitsa.

William Wegman anapeza galu wa mtundu wa Weimaraner mu 1970 ali ku California, n'kumutcha Man Ray, dzina la waluso wotchuka wa zithunzi. Galuyo sankafuna kuchoka kutsogolo kwa kamera, ndipo awiriwa anagwira ntchito limodzi mpaka imfa ya galuyo mu 1982. Pambuyo pake kunabwera Fay Ray ndi ana ake. Zithunzi za Wegman zili m'nyumba zazikulu za luso chifukwa amadziwa kuwala ndi kayalidwe, ndiponso chifukwa agalu ake sachita nthabwala. Amakuyang'anani ndi nkhope yodekha ngati anthu a m'zithunzi zakale, ndipo kusekako kumachokera kwa inu.

Susan Herbert wa ku England, amene anamwalira mu 2014, ankajambulanso zithunzi zotchuka ndi burashi, amphaka n'kulowa m'malo mwa anthu. Svetlana Petrova wa ku St Petersburg amajambula mphaka wake wonenepa wofiirira, Zarathustra, ndi kamera mpaka atakhala momwe chithunzi chikufunira, kenako n'kumulowetsa pakompyuta mosamala kuti mithunzi ndi ming'alu ya penti zigwirizane. Ntchito yoteroyo imafuna kudekha ndi diso. Zosiyana ndi mutu wa mphaka wongomata pathupi la Mona Lisa, kapena chithunzi chimene makina atulutsa m'masekondi ochepa popanda munthu amene anayang'ana ntchito ya Leonardo da Vinci, amene anajambula Mona Lisa, n'kamodzi komwe. Muyeso wake ndi uja wa funso la kulemekeza ndi kunyogodola.

Nanga ng'ombe ndi njovu zopakapaka zimene zimaikidwa m'misewu ya mizinda?

Zinayamba ku Zurich mu 1998 ndi ng'ombe, n'kufika ku Chicago mu 1999, kenako mizinda yambiri. Njovu zinatsatira ku Rotterdam mu 2007, cholinga chake n'kuthandiza njovu za ku Asia. Thupi la nyama limakhala lofanana, lopangidwa ndi fibreglass pachikombole chimodzi. Waluso aliyense amapatsidwa yake kuti aipake, ndipo chionetsero chikatha zimagulitsidwa pa okushoni, ndalama n'kupita ku zachifundo. Pafupifupi pachionetsero chilichonse pamapezeka ng'ombe ya Van Gogh kapena ya Picasso. Zambiri ndi mitundu yobwereka chabe yokutira thupi lopangidwa kale. Sindizinyoza: kwa ana ambiri ndi khomo loyamba, ndipo lili pamsewu, laulere.

Kodi amagwiritsa ntchito nyama zenizeni?

Ena amatero, ndipo apa m'pamene anthu amakangana kwambiri. Mu 1969 Jannis Kounellis anamangirira mahatchi amoyo 12 kumakoma a malo oonetsera luso a L'Attico ku Rome. Fungo, phokoso la ziboda ndi kutentha kwa matupi awo ndizo zinali ntchitoyo. Maurizio Cattelan, wa m'badwo wotsatira ku Italy, amagwiritsa ntchito zikopa za mahatchi akufa zoumitsa n'kuikamo thupi lopanga. Mu 1997 anapachika imodzi kudenga ku Castello di Rivoli pafupi ndi Turin, miyendo ili lendelende. Mu 2013 ku Fondation Beyeler pafupi ndi Basel anaonetsa mahatchi asanu atalumphira m'khoma, mitu yalowa, matupi akulendewera kunja. Ambiri amaona apa yankho kwa Kounellis: aja anamangidwa kukhoma, awa akufuna kuliboola.

Maganizo a anthu asintha. Mahatchi a Kounellis ataonetsedwanso ku New York mu 2015, omenyera ufulu wa nyama anachita zionetsero zotsutsa, ndipo mu 2017 Guggenheim inachotsa ntchito zitatu zokhudza nyama pachionetsero cha luso la ku China anthu atakwiya. Ine ndili kumbali ya osamala. Ulemu kwa waluso mnzako si chifukwa chokwanira chovutitsira chamoyo chimene sichinavomere, makamaka pamene mkuwa, dongo ndi penti zimatha kunena zomwezo.

Zimapangidwa ndi chiyani, ndipo amapanga ndi waluso mwiniwake?

Chiboliboli cha mkuwa chimayamba ndi dongo. Waluso amaumba, amisiri amatenga chikombole, amathiramo phula, phulalo amalikuta ndi chigoba cholimba, amalisungunula n'kulitaya, ndipo m'malo mwake amathiramo mkuwa wamoto. N'chifukwa chake pa akalulu a Flanagan mumaona zidindo za zala ndi dongo lopotedwa: mkuwa umasunga chilichonse chimene dzanja linasiya. Chikombole chimodzi chimatulutsa ziboliboli zingapo zowerengeka, choncho kalulu woganiza yemweyo mungamupeze m'mizinda ingapo, ndipo onsewo ndi enieni.

Koons sapanga ndi manja ake. Amakonza maganizo ndi miyeso, ntchito amagwira ndi amisiri ambiri ndi mafakitale. *Puppy* wake wa 1992, amene wakhala pakhomo pa Guggenheim ku Bilbao kuyambira 1997, ndi galu wotalika mamita oposa 12. Mkati muli zitsulo, dothi ndi mapaipi othirira. Kunja kuli maluwa pafupifupi 38,000 amene amasinthidwa kawiri pachaka. Iye akulonjera olima minda yachifumu ya ku Ulaya ya zaka za m'ma 1700, amene ankadulira mitengo kuti ioneke ngati zinthu, ndipo mayina awo ambiri anaiwalika. Kugwiritsa ntchito manja a ena si chachilendo: Rodin yemwe anali ndi omusemera miyala, ndipo mmodzi mwa iwo, François Pompon, anadzatchuka ndi chimbalangondo chake choyera mu 1922 ali nkhalamba.

Kodi uku si kuba? Malamulo amati chiyani?

Zimadalira amene mwamubwerekayo. Umwini wa ntchito ya luso umatha pakapita zaka zingapo mwiniwake atamwalira: pangano la mayiko limati zosachepera 50, ndipo mayiko a ku Ulaya, Britain ndi America amawerenga 70. Dürer, Velázquez, Van Gogh, ngakhalenso Rodin amene anamwalira mu 1917, aliyense angawabwereke. Picasso anamwalira mu 1973, choncho m'mayiko ambiri a ku Ulaya ntchito zake n'zotetezedwa mpaka kumapeto kwa 2043. Kapakidwe kapena kalembedwe ka munthu sikatetezedwa; chotetezedwa ndi ntchito yeniyeniyo.

Koons anaphunzira zimenezi kukhoti kangapo, ndipo nayi milandu iwiri yokhudza nyama. Pokonzekera chionetsero cha mu 1988 anatumiza kwa osema mitengo a ku Italy khadi la chithunzi cha Art Rogers, choonetsa mwamuna ndi mkazi atanyamula tiagalu 8, kuti aseme chimodzimodzi. Tiagaluto anatipaka buluu. Iye anati akunyogodola zokonda za anthu wamba, koma mu 1992 khoti la apilo ku America linati kunyogodolako kuyenera kukhudza chithunzicho, ndipo anthu sankachidziwa n'komwe. Mu 2018 khoti la ku Paris linamupezanso wolakwa pa chiboliboli cha mkazi wagona pachipale, nkhumba ili kumutu kwake, chimene chinatengedwa pa chithunzi chotsatsa zovala za Naf Naf cha mu 1985. Apilo inalephera mu 2021.

Milandu iwiriyi ikuonetsa chinthu chimodzi chimene chimagwirizana ndi nzeru wamba. Wolemekeza amafuna kuti muzindikire gwero. Ntchito yake imafa mukapanda kutero. Wobera amadalira kuti simulidziwa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo mayiko ena ali ndi mpata wapadera wa ntchito zoseka ndi zotsanzira, choncho amene akufuna kugulitsa ntchito yochokera kwa waluso wamoyo kapena womwalira posachedwa apemphe chilolezo kapena afunse loya.

Kodi nkhaniyi ndi ya ku Ulaya ndi ku America kokha?

Ayi ndithu. Takashi Murakami wa ku Japan anajambula mu 2010 chinjoka chofiira chotalika pafupifupi mamita 18, maso ake ozungulira ngati a chidole, poyankha chinjoka cha m'mitambo chimene Soga Shohaku anajambula ndi inki mu 1763, chimene chimasungidwa ku Museum of Fine Arts ku Boston. Mu 2017 nyumbayo inaonetsa ziwirizi pachionetsero chimodzi.

Ai Weiwei anapanga mu 2010 mitu 12 yamkuwa ya nyama za kalendala ya ku China. Yoyambirira inali pakasupe wa kunyumba yachifumu ya Yuanming Yuan ku Beijing, imene mapulani ake anakonza ndi Giuseppe Castiglione, mmishonale wa ku Italy, ndipo inafunkhidwa asilikali a Britain ndi France atawononga malowo mu 1860. Mitu 7 yokha ndi imene ikudziwika komwe ili. Ina 5 Ai anachita kuiganizira. Nkhope zake n'zoseketsa, koma funso lake n'lolemera: chuma cha fuko chopangidwa ndi mlendo, chobedwa ndi alendo, mwiniwake ndani?

Ku Dar es Salaam kuli ulemu wa mtundu wina. Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula nyama mu 1968 ndi penti ya njinga pamatabwa, n'kumwalira mu 1972, atangogwira ntchito zaka zinayi. Ophunzira ake ndi ophunzira a ophunzirawo akujambulabe akambuku amadontho, mbalame zamakosi aatali ndi njovu zamaso aakulu, ndipo ntchito yonseyo imatchedwa ndi dzina lake. Apa si chithunzi chimodzi cholonjera chinzake. Ndi mbadwo wonse wa ojambula umene unasankha kutchulidwa dzina la amene anayamba.

N'chifukwa chiyani zina zimadula choncho?

*Balloon Dog* walalanje wa Koons anagulitsidwa madola 58.4 miliyoni mu 2013, ndipo *Rabbit* anafika madola 91.1 miliyoni ku Christie's ku New York mu May 2019, mtengo waukulu kwambiri pa okushoni wa ntchito ya waluso wamoyo panthawiyo. Mtengo wotere umachokera pa kuchepa kwa zinthuzo, dzina la wopanga, amene anazisungapo kale, ndi mpikisano wa olemera ochepa. *Rabbit* alipo anayi okha. Nyama zimathandizanso chifukwa sizifuna womasulira, ogula a zilankhulo zonse amazimva. Koma mtengo si muyeso wa ulemu umene ntchito yapereka. Hörl amachita dala zosiyana: chionetsero chikatha, akalulu ake amagulitsidwa mmodzimmodzi pamtengo umene munthu wamba angakwanitse.

Ndikufuna kupanga changa. Ndiyambire pati?

Sankhani ntchito imodzi, osati waluso yense, ndipo ikhale imene mumaikondadi. Ijambuleni kangapo momwe ilili, musanaganize n'komwe za nyama, mpaka dzanja lidziwe pamene kulemera kwa thupi kwagwera ndi kumene maso akuyang'ana. Onani funso la malamulo ngati mwiniwake anamwalira posachedwa.

Kenako sankhani nyama, ndipo apa m'pamene ambiri amathamanga. Musatenge mphaka chifukwa choti amphaka amakondedwa. Funsani chimene nyamayo ibweretse chimene chithunzicho chinalibe, monga momwe makutu a kalulu anabweretsera kutcheru pamwala wa munthu wolemedwa, kapena momwe kagalu kakafupi kanabweretsera phokoso la pakhomo m'chipinda cha mwana wa mfumu. Ikhale nyama imene mungaiyang'ane ndi maso anu. Muone momwe imapindira mwendo wakumbuyo ikakhala, pamene khosi limathera, chimene mchira umachita ikamamvetsera. Thupi lake lidzakana kakhalidwe ka munthu penapake, mwina paphewa, mwina pachiuno. Pamenepo musakonze. Siyani chigongono chifike pamene chingafike, ndipo dzina la amene mwamubwereka mulilembe pansi pa dzina la ntchito yanu.